Kuyeza Mwana Asanabadwe: Kodi Mtengo Wake Ukulingana ndi Phindu Lake?

Masiku apitawa akatekisti ena ochokera m'munsi mwa phiri la Michesi ku Phalombe adatitulira nkhani imene idawaimitsa mitu. Mayi wina wa m'limana mwao ali ndi mwana wamkazi ku Johannesburg, wa zaka 38, amene ali woyembekezera. Kuchipatala kumene amakwera sikelo adamuuza kuti chifukwa cha zaka zake ndi bwino ayezetse magazi, kuti aone ngati mwana ali m'mimbayo ali ndi vuto lotchedwa Down syndrome, ndipo mtengo umene adamutchulira udali woposa malipiro ake a mwezi wathunthu. Mayi a kumudziwo adafika kwa akatekisti ndi mafunso atatu. Kodi kuyezetsa kotere ndi tchimo? Kodi agulitse mbuzi ndi nandolo kuti amuthandize mwana wao? Nanga bwanji ku sikelo ya kuno kwathu zoterezi sitizimva, kodi akutimana?

Mafunsowa ndi oyenera, ndipo tikhulupirira kuti afika posachedwa m'maparishi ena a Arkidayosizi ya Blantyre, poti abale athu ambiri ali kunja ndipo zipatala zolipira za m'mizinda zikuchuluka. Tiyesa kuwayankha mwatsatanetsatane.

Vutoli n'chiyani?

Thupi la munthu lidapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo m'kati mwa selo lililonse muli timaulusi 46 totchedwa makromozomu, timene timasunga malangizo onse a kakulidwe ka munthuyo. Timaulusiti timakhala tiwiritiwiri, m'magulu 23: theka limachokera kwa mayi, theka kwa bambo. Nthawi zina, pamene dzira la mayi kapena mbewu ya bambo ikupangika, gulu limodzi limalephera kugawikana bwino, ndipo mwana amalandira timaulusi titatu m'malo mwa tiwiri. Zikachitika pa gulu la nambala 21, mwanayo amabadwa ndi Down syndrome. Zikachitika pa nambala 18 kapena 13, mwana amabadwa ndi zilema zazikulu kwambiri, ndipo ambiri mwa ana otere samaliza chaka chao choyamba.

Dzina lakuti Down ndi la dotolo wa ku England, John Langdon Down, amene adalongosola maonekedwe a ana otere mu 1866. Gwero lake lidadziwika mu 1959 ku Paris, kudzera mu ntchito ya madotolo atatu: Jérôme Lejeune, Marthe Gautier ndi Raymond Turpin. Pa dziko lonse, mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 1,000 obadwa amoyo amakhala ndi vutoli. Limapezeka pakati pa anthu a mitundu yonse, olemera ndi osauka omwe. Mpata woti lichitike umakula pamene mayi akukula: pa zaka 20 ndi pafupifupi mwana mmodzi mwa 1,500, pa zaka 35 mmodzi mwa 350, ndipo pa zaka 40 mmodzi mwa 100.

Tinenetse pano, poti m'midzi mwathu mabanja ena apasuka pa nkhaniyi: palibe chimene mayi adadya, adachita kapena adalumpha chimene chimabweretsa vutoli. Si tsempho, si ufiti, ndipo bambo kapena malume sadamkhwimire mwanayo kuti alemere. Mu Uthenga Wabwino wa Yohane, mutu 9, ophunzira adafuna kudziwa amene adachimwa kuti munthu uja abadwe wosaona, ndipo Ambuye adakana kuloza chala munthuyo kapena makolo ake. Ifenso tisaloze chala.

Njira zoyezera

Tiyenera kusiyanitsa mitundu iwiri ya kuyeza. Mtundu woyamba umangosefa, monga mayi amasefera ufa: umapatula amayi amene mpata wao ndi waukulu, koma sunena motsimikiza kuti mwana ali ndi vuto. Mtundu wachiwiri ndiwo umatsimikiza.

Njira yosefera yakale kwambiri ndi kungofunsa zaka za mayi. Siilira ndalama, koma imapeza ana 3 okha mwa 10 aliwonse amene ali ndi vutoli, chifukwa amayi a zaka zochepa ndiwo amabereka ana ochuluka. Njira yachiwiri imachitika pakati pa masabata 11 ndi 14: katswiri amaunika m'mimba ndi makina a sikani, nayeza timadzi ta kumbuyo kwa khosi la mwana, ndipo amaphatikiza zotsatirazo ndi za magazi a mayi ndiponso zaka zake. Njira imeneyi imapeza ana pafupifupi 9 mwa 10, komanso imaopseza pachabe amayi 5 mwa 100 aliwonse amene ana ao alibe vuto. Njira yachitatu ndiyo imene adauzidwa mlongo wathu wa ku Johannesburg. Mu 1997 katswiri wa ku Hong Kong, Dennis Lo, adasonyeza kuti m'magazi a mayi woyembekezera mumayenda tizidutswa ta malangizo a chibadwa tochokera kwa mwana, ndipo kuyambira mu 2011 zipatala zidayamba kuyeza tizidutswa timeneti. Njirayi, imene amaitchula kuti NIPT, imatheka kuyambira sabata ya 10, imapeza ana pafupifupi 99 mwa 100, ndipo imaopseza pachabe amayi ochepa kwambiri. Koma imalira madola mazanamazana pa mayi mmodzi, ndipo nayonso ndi yongosefa.

Pofuna kutsimikiza, dotolo amalowetsa singano m'mimba mwa mayi, natapako madzi ozungulira mwana kuyambira sabata ya 15, kapena kachidutswa ka nsengwa pakati pa masabata 11 ndi 14. Zotsatira zake n'zodalirika, koma pali chiopsezo chaching'ono, chosapitirira mayi mmodzi mwa 200, choti pathupi pangapite padera.

Tiwerengere pamodzi

Akatswiri a zachuma cha zaumoyo akafuna kudziwa ngati njira ina ili yoyenera, amafunsa kuti: pa ndalama imene tikulowetsa, tikukololapo chiyani, ndipo ndalama yomweyo ikadapita kwina tikadakolola chiyani? Mlimi aliyense wa ku Phalombe amalidziwa funsoli. Ali ndi thumba limodzi la feteleza, amasankha munda woti alithire.

Tiyerekeze kuti tili ndi amayi oyembekezera 10,000, ndipo mwa ana ao, 10 ali ndi Down syndrome. Tikawayeza onse ndi sikani ndi magazi, tipeza ana 9, koma amayi enanso pafupifupi 500 auzidwa kuti mpata wao ndi waukulu pamene ana ao alibe vuto. Ndiye kuti mwa amayi 509 amene adzagona osapeza tulo, 9 okha ndiwo ali ndi chifukwa chenicheni. Onsewo akabayidwa singano yotsimikizira ija, mwina mwana mmodzi kapena awiri athanzi angatayike. Tikawayeza onse 10,000 ndi NIPT, tipeza pafupifupi ana onse 10, ndipo oopsezedwa pachabe akhala pafupifupi 10 okha. Koma titayerekeza kuti kuyeza kumodzi ndi madola 300, tawononga madola 3,000,000, kutanthauza madola 300,000 pa mwana mmodzi wopezeka.

N'chifukwa chake maiko ena olemera adasankha njira yapakati. Ku England, kuyambira mu 2021, zipatala za boma zimayamba ndi njira yotsika mtengo ija, ndipo NIPT imaperekedwa kwa amayi okhawo amene mpata wao wafika pa mmodzi mwa 150 kapena kuposerapo. M'chitsanzo chathu chija, oyezedwa ndi NIPT akadakhala 509 m'malo mwa 10,000. Dziko la Belgium lidasankha zosiyana: kuyambira mu 2017 boma limalipirira pafupifupi mtengo wonse wa NIPT kwa mayi aliyense woifuna.

Nanga kuno kwathu? Kwa zaka zambiri ndalama zonse za zaumoyo m'Malawi, kuphatikiza za boma, za maiko otithandiza ndi za m'matumba mwathu, zakhala zikuzungulira pa madola 40 pa munthu mmodzi pa chaka. M'kafukufuku wofalitsidwa mu 2018, akatswiri a Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi a ku Yunivesite ya York ku England adagwiritsa ntchito muyeso wakuti m'Malawi madola 61 amatha kuombola chaka chimodzi cha moyo wathanzi. Pa muyeso umenewo, madola 3,000,000 aja angaombole zaka za moyo zoposa 49,000 atapita ku mankhwala a malungo, katemera ndi uchembere wabwino. Choncho mayi wa ku Michesi akapanda kumva za NIPT ku sikelo, asaganize kuti anamwino akumubisira chinthu. Kumuyeza iye motere kungatanthauze kulanda mankhwala m'manja mwa amayi ena ambiri.

Chimene mawerengedwe amabisa

Pali funso lina limene masamu onsewa salifunsa: mwana uja tikamupeza, timuchitira chiyani? Tikapeza chindoko mwa mayi, timamubaya jakisoni, mwana napulumuka. Tikapeza kachilombo ka HIV, timamuyambitsa mankhwala, mwana nabadwa wopanda kachilombo. Koma kromozomu yoonjezera ija palibe mankhwala oichotsa. Ndiye phindu limene akatswiri ena amalemba m'mabuku ao limachokera kuti? Kafukufuku wambiri wa mtundu umenewu amawerengera ndalama zimene boma likadawononga posamalira ndi kuphunzitsa munthu wa Down syndrome moyo wake wonse, nazitcha ndalama zopulumutsidwa. Ndalamazo zimapulumuka pokhapokha mwanayo asabadwe. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Izi si nkhambakamwa. Dziko la Denmark lidayamba kupereka mwayi woyezetsa kwa amayi onse oyembekezera mu 2004, ndipo m'zaka zochepa zotsatira chiwerengero cha ana obadwa ndi Down syndrome chidatsika pafupifupi ndi theka. Palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene adachizidwa. Dotolo Lejeune uja adaona zimenezi zikuyamba, ndipo zidamuwawa mtima kuti chimene adathandiza kutulukira pofuna kuthandiza ana chidasanduka njira yowasankhulira. Adathera moyo wake wonse akuwateteza. Papa Yohane Paulo Wachiwiri adamusankha kukhala mtsogoleri woyamba wa bungwe la Apapa loona za moyo mu 1994, chaka chomwe adamwalira, ndipo mu 2021 Papa Fransisko adavomereza kuti Lejeune adakhala moyo wachikhristu wopambana, chimene chili sitepe pa njira yoti munthu adzatchulidwe woyera.

Mpingo ukuti chiyani?

Mpingo wa Katolika suletsa kuyeza mwana asanabadwe. Chikalata cha Donum Vitae cha mu 1987, kalata ya Papa Yohane Paulo Wachiwiri yotchedwa Evangelium Vitae ya pa 25 Malichi 1995 pa ndime 63, ndiponso Katekisimu wa Mpingo wa Katolika pa ndime 2274, zonse zikuphunzitsa chimodzimodzi. Kuyeza n'kololedwa ngati makolo avomera atafotokozeredwa bwino, ngati njirayo siika mayi kapena mwana pa chiopsezo chosalingana ndi phindu lake, ndiponso ngati cholinga ndi kuchiza mwanayo, kumuteteza, kapena kukonzekera kumulandira ndi mtima wodekha. Kumasanduka tchimo lalikulu pamene munthu ayezetsa ali ndi maganizo akuti zotsatira zikaipa achotsa pathupi. Tchimolo limakhudzanso mwamuna, achibale kapena wachipatala amene akukakamiza mayi kuyezetsa ndi cholinga chomwecho.

Kwa mayi wa m'limana uja tsono tikuyankha motere. Mwana wanu sachimwa akayezetsa ndi cholinga chokonzekera, ndipo sachimwanso akakana. Kuyezetsaku si lamulo la Mulungu kapena la boma. Pa zaka 38, amayi oposa 99 mwa 100 amabereka ana opanda Down syndrome. Asanalipire, iye ndi mwamuna wake akhale pansi nadzifunse kuti: zotsatira zikabwera zoti mpata ndi waukulu, tichita chiyani chimene sitikadachita? Ngati yankho lao ndi lakuti tikachirira ku chipatala chachikulu ndipo tikayezetsa mtima wa mwana msanga, adziwe kuti zambiri mwa zimenezi angazipeze ndi sikani yabwino ya pa masabata 18 mpaka 22, imene imaonetsa zilema zazikulu za mtima ndi za matumbo. Ife sitingalangize banja losauka kugulitsa mbuzi kapena kulowa m'katapila chifukwa cha kuyeza kumene sikuchiza.

Kumene kwacha yathu imabala zipatso

Kukana njira yodula si kunena kuti tikhale manja lende. Pali kuyeza kotsika mtengo kumene kumapulumutsa ana osabadwa tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri a ife timakunyozera. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2015 mpaka 2016 adapeza kuti mayi mmodzi yekha mwa anayi ndiye ankayamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba, ndipo amayi 439 mwa 100,000 aliwonse obereka ana amoyo ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Tikudziwa chimene chimachedwetsa ambiri: mantha akuti pathupi pakadziwika msanga anthu oipa angapachite chipongwe, kutalika kwa mtunda, ndi ndalama ya kabaza. Koma kuchedwako ndiko kumapha.

Taganizirani za chindoko. Mayi amatha kukhala nacho osamva kupweteka kulikonse, koma chikapanda kuchizidwa chimavulaza kapena kupha mwana pa mimba zoposa theka. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidawerengera kuti mu 2016 ana oposa 200,000 adafera m'mimba kapena atangobadwa chifukwa cha nthendayi. Komatu kuyeza kwake ndi kadontho ka magazi a pa chala, zotsatira zimatuluka tsiku lomwelo, ndipo mankhwala ake ndi jakisoni wa penisilini, amene bambonso ayenera kulandira. N'chimodzimodzi ndi HIV: mu 2011 dziko lathu lidakhala loyamba kuyambitsa mankhwala a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi kachilombo, ndipo maiko ena adatengera kwa ife. Onjezanipo kuyeza kuthamanga kwa magazi, mapiritsi oonjezera magazi, Fansida ndi neti yoteteza ku udzudzu. Zonsezi pamodzi sizifika pa mtengo wa NIPT imodzi.

Kuyambira mu 2016 bungwe la WHO limalangiza kuti mayi aonedwe ndi achipatala kasanu ndi katatu pa mimba imodzi, ndiponso kuti aunikidwe ndi sikani kamodzi asanakwanitse masabata 24. Sikani imodziyo imanena msinkhu wa mimba, imaonetsa ngati muli mapasa, imasonyeza pamene nsengwa yagona, ndipo imatha kuulula zilema zina zazikulu. Kwa anthu a ku Phalombe kudziwiratu kotere ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Tonse tikukumbukira m'mene namondwe wa Freddy adagumulira misewu ndi milatho mu Malichi 2023, midzi ina ya m'mphepete mwa Michesi ndi Mulanje nikhala yosafikirika. Mayi amene akudziwa kuti ali ndi mapasa amapita kuchidikiro nthawi ikadalipo, kaya ku chipatala chathu cha Holy Family, kaya ku chipatala cha boma cha John Chilembwe, ndipo ngati mwana adzafunika opaleshoni atangobadwa, madotolo angathe kukonzeratu zomutumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuyambira mu 2017 kuli chipatala cha maopaleshoni a ana cha Mercy James.

Mwana akabadwa

Ana ambiri a Down syndrome kuno kwathu amadziwika atabadwa kale, ndipo apa ndi pamene kandalama kochepa kamachita zazikulu. Mzamba wophunzira bwino amatha kuzindikira zizindikiro: thupi lofewa, maso opendekera m'mwamba pang'ono, kuvutika kuyamwa. Pafupifupi theka la ana otere amabadwa ndi vuto la mtima, choncho mwanayo ayenera kuonedwa ndi dotolo msanga. Ayeneranso kuyezedwa makutu, maso ndi chithokomiro, kulandira katemera yense, ndi kuthamangira naye kuchipatala akayamba chifuwa, poti chibayo chimawagwira kawirikawiri. Mayi amafunika womulimbikitsa pa kuyamwitsa, chifukwa mwanayo amayamwa pang'onopang'ono natopa msanga. Adzachedwa kukhala, kuyenda ndi kulankhula, koma akamaseweretsedwa ndi kulankhulidwa tsiku ndi tsiku amaphunzira. Ku America, mu 1983 anthu otere ankakhala ndi moyo zaka pafupifupi 25; lero amafika zaka pafupifupi 60. Chimene chidasintha ndi chisamaliro: maopaleshoni a mtima, mankhwala, sukulu ndi kukhala pakati pa abale m'malo motsekeredwa.

Thandizo lilipo ngakhale ndi lochepa. Koleji ya Montfort ku Chiradzulu imaphunzitsa aphunzitsi a ana ofunika maphunziro apadera, ndipo bungwe la makolo a ana aulumali la PODCAM limasonkhanitsa mabanja otere kuti azilimbikitsana. Koma thandizo loyamba ndi limana. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mayi amene mwamuna wamuthawa chifukwa cha mwana waulumali sangalime, kutunga madzi ndi kupita kuchipatala mwezi ndi mwezi ali yekha.

Pempho lathu kwa akatekisti ndi atsogoleri

Pa maphunziro a ukwati ndi pa misonkhano ya Amayi ndi Abambo Akatolika, phunzitsani kuti sikelo iyambe mayi akangozindikira kuti waima, ndipo bambo apite naye kuti akayezedwe limodzi. Wina akabwera ndi pepala la kuchipatala lonena kuti mpata ndi waukulu, mufotokozereni kuti kusefa si kutsimikiza, mumulimbikitse kubwerera kwa dotolo ndi mafunso, ndipo musamusiye yekha. Amene adachotsapo pathupi chifukwa cha mantha otere musamuweruze. Mutsogolereni kwa wansembe, poti khomo la Sakramenti la Kulapa ndi lotsekula. Fufuzani m'malimana mwanu ngati muli ana amene amabisidwa m'nyumba, ndipo muwalembe m'kaundula wa Ubatizo ndi wa kalasi la Ukaristia monga ana ena onse, mukuwaphunzitsa molingana ndi nzeru zao. Limana lililonse lingathenso kusunga kathumba ka ndalama ya kabaza ya amayi oyembekezera ndi ya ana odwaladwala.

Pa 21 Malichi chaka chilichonse, kuyambira mu 2012, bungwe la United Nations limakumbukira anthu a Down syndrome, ndipo patangopita masiku anayi, pa 25 Malichi, Mpingo umachita chaka cha Mngelo Gabriele kudzalonjera Maria, tsiku limene Mwana wa Mulungu adayamba kukhala m'mimba mwa mayi. Tikupempha maparishi kuti sabata imeneyo aziyendera mabanja amene akulera ana aulumali ndi kupempherera amayi onse oyembekezera. Banja Loyera la Yesu, Maria ndi Yosefe liwasunge iwo pamodzi ndi ana ao.